Azakhali: Mwana akufuna kuvala ngati mfiti ku Glasgow

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimakhala ku Glasgow kuno ku Scotland, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Okutobala akangoyamba, m'nyumba mwanga simugoneka chifukwa cha Halloween. Wachisamba, mtsikana wa zaka 8, akufuna kuvala ngati mfiti, chipewa chosongoka ndi tsache lomwe. Mlongo wake wa zaka 6 akuti Spider-Man basi. Wamng'onoyo sadziwa n'komwe kuti nkhani ndi yotani, koma akulira nawo. Chaka chatha ndinazimitsa magetsi kuti ana a eni asagogode, anga akulira pawindo. Bambo awo ankati zimenezi n'zausatana, koma chaka chino atembenuka, akuti mnyamatayo timuveke ngati gule wamkulu, azungu aone kuti zoopsa nafenso tili nazo. Mkulu wa mpingo wathu akuletsa. Apongozi anga ku Dedza amafuna zithunzi za adzukulu pa WhatsApp tsiku ndi tsiku. Mayi woyandikana nane amasokera ana ake zovala zochititsa kaso n'kuziponya pa Facebook, pomwe ine singano ndinaisiyira ku pulayimale. Zogula m'sitolo za ana atatu ndi ndalama yomwe ndikanatumiza kumudzi ya feteleza. Nditani?

Mayi Wothedwa Nzeru, Glasgow

Mwana wa achimwene anga,

Ndiye mpaka kuzimitsa magetsi n'kukhala duu m'nyumba yolipira wekha lendi, kuthawa tiana tonyamula tizidebe ta maswiti? Iwe amene unkalawirira kuchigayo mbandakucha, thumba lili pamutu, wopanda wokuperekeza? Potsanzika pa Chileka paja unkati ukupita kukaphunzitsa ana kwa azungu. Aphunziratu, ndipo china mwa zomwe aphunzirazo ndi chimenechi. Walira mvula walira matope.

Ndiyambe ndi mkamwini wangayo, chifukwa moto wake ngofunika kuuzima msanga. Chaka chatha usatana, chaka chino gule, munthu mmodzi yemweyo! Akadya n'kukhuta, umufunse mwaulemu kuti kodi iyeyo kudambwe anafikako? Ngati anafikako, akudziwa yekha kuti zomwe akunenazo ndi mlandu wa mbuzi. Ngati sanafikeko, akulankhula za eni. Ine ndine munthu wamkazi, za kumeneko sindingazitambasule pano. Chomwe aliyense akudziwa n'chakuti gule amatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga ufumu ndi pa chiliza, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamuwerengera pa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Satuluka kukapempha chokoleti pakhomo la mzungu. Komanso apongozi akowo ndi a ku Dedza, eti? Chithunzicho chingafike kwa anyakwawa nsima yamadzulo isanapse. Ngati bambowo akufunadi kuti ana adziwe za kwawo, akadzabwera kutchuthi adzawatengere ku Mua, ku Kungoni komwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akaone ndi kufotokozeredwa ndi odziwa.

Tsono ndikuuze chinthu chomwe chikupepuse mtima ndi thumba lomwe. Ukukhala pakati pa eni ake a mwambowu. Halloween sinayambire ku America ayi. Mizu yake ili ku Ireland ndi ku Scotland konko, pa chikondwerero chakale chotsekera nyengo yokolola chomwe ankati Samhain, ndipo pambuyo pake chinalumikizana ndi madzulo otsogolera tsiku la Oyera Onse la pa 1 Novembala. Anaupititsa ku America ndi anthu osamuka m'zaka za m'ma 1800, makamaka othawa njala yomwe inayamba ku Ireland mu 1845. Aamerika anangouthira pulasitiki ndi shuga n'kuubweza pa wailesi yakanema. Agogo omwe umawasamalira usikuwo uwafunse ankavala chiyani ali ana. Akuuza za jekete lakale la abambo lovala motembenuza, chipewa cha amayi, mwaye wa pamoto kumaso. Nyali ankaboola muzu waukulu wolimba womwe amati neep, maungu anabwera mochedwa. Ndipo sankangotambasula dzanja. Pa mwambo wawo wa guising mwana amayamba waimba, kulakatula kapena kunena nthabwala, kenako ndiye amapatsidwa mtedza, apozi kapena kakobidi. Ndiye ukamatola zakale m'nyumba n'kumangirira ndi mapini, usadzione wotsalira. Ukuchita zomwe eni akewo ankachita masitolo asanalowererepo.

Koma za mfitizi ndiimapo pang'ono, ndipo apa sindikuseka.

Kumeneko mfiti ndi gogo wa m'mabuku a ana, wa mphuno yaitali, wokwera tsache. Ngakhale lichero salidziwa. Mwana wakoyo sakuganiza za kumanda. Akufuna chipewa chosongoka chifukwa anzake m'kalasi ali nacho, mwinanso wamva za Harry Potter, yemwe J.K. Rowling analembera gawo lalikulu la buku lake loyamba ku Edinburgh, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima kuchokera pomwe ulipo. Mwanayo alibe mlandu. Vuto n'lakuti ali ndi kwawo kuwiri, ndipo kwawo kwinako mawu amenewo amapha munthu. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndi omwe anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wina. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma anthu akunenabe, ndipo onenedwa kwambiri ndi agogo, amene amati akuphunzitsa adzukulu. Taganiza chithunzi cha mdzukulu atavala zakuda, tsache lili m'manja, chikuyenda foni ndi foni pamjigo. Mawa lake umva kuti nyumba ya malata munawamangira apongozi ija ndalama zake n'zokhwimira. Iwe udzakhala uli ku Glasgow ukumwa tiyi. Amene adzagone maso ali pakhomo ndi mayi wokalambayo.

Mwana wa zaka 8 ngwamkulu, umukhazike pansi umuuze zoona: kwa agogo mawu amenewo si oseweretsa. Usamuopseze kuti agwidwa ndi ziwanda, chifukwa mawa akaona aphunzitsi ake atavala chipewa chomwecho adzadziwa kuti amayi amanama. Ukamumana ichi umupatse china choopsa mofanana, poti chomwe akufuna ndi kuopseza anzake basi.

Mupangire mleme. Mphepo ya ku Glasgow imathyola maambulera tsiku lililonse, sungasowe yakuda yothyoka. Chotsa mawaya onse, dula nsaluyo pakati kuti pakhale zidutswa ziwiri, ndipo chilichonse uchilumikize kuchokera pamkono wa juzi yakuda kutsikira m'nthiti. Akatambasula manja, mapiko aja. Makutu udule pa katoni, upake utoto wakuda, umate pa kalamba ka tsitsi. Ngati singano ikukuopsa ngati jakisoni, masefitipini alipo, ungoonetsetsa kuti atsekedwa bwino ndipo ali kunja kwa juzi. Akakana mleme, kangaude ndi wosavutanso: masokosi aatali akuda owaika nyuzi zakale mkati, n'kuwapachika m'mbali mwa juzi yomweyo. Akafuna za kwawo, yunifolomu yofiira ya mpira ndi dzina la Chawinga kumsana yakwana. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, ndipo otchinga kumbuyo a kumeneko amamuopa kuposa mzukwa.

Za Spider-Man usayese kusoka. Ndakuuziratu. Mizere ija idzakuthera usiku wonse, ndipo m'mawa mwana adzakuyang'ana n'kunena kuti Spider-Man sakhala choncho. Pita ku mashopu a zachifundo, a Oxfam, a Barnardo's ndi anzawo. Usachite manyazi, ndi kaunjika yemweyo, kungoti wa kumeneko anamupachika pa mahang'ala n'kumuikira galasi. Iwe unali katswiri wovundukula mabelo pa Limbe, luso limenelo silifa. Funsanso amayi anzako pageti la sukulu, chifukwa pafupifupi nyumba iliyonse yomwe muli mnyamata muli Spider-Man wothina yemwe akungodikira mwini watsopano. Utenge wokulirapo kuti juzi ilowe mkati. Zovala za m'sitolozi n'zopyapyala, ndipo palibe chomvetsa chisoni ngati Spider-Man yemwe wavekedwa jekete pamwamba, kangaude wa pachifuwa osaoneka, chimfine chili chuu. Ndipo pa 1 Novembala masitolo amatsitsa mitengo ya zotsala. Za chaka chamawa ugule tsiku limenelo, ubise pamwamba pa wadiropu.

Wamng'onoyo asakudyere ndalama. Tisheti yaikulu ya olenji, lasitiki m'munsi, maso ndi pakamwa za nsalu yakuda, kachipewa kobiriwira, wasanduka dzungu. Ponena za maungu, ndamva kuti anthu kumeneko amaboola dzungu lathunthu maso ndi mano, kuliika pakhomo, likafota n'kulitaya m'bini. Iwe usayerekeze. Zamkatizo uphike, nthangazo ukazinge. Ndikadzamva kuti mdzukulu wa amayi anga wataya dzungu, ndidzakwera ndege pa ngongole.

Pali ziwiri zomwe amayi a pa Facebook sajambula: moto ndi galimoto. Mu 2014 mwana wa zaka 8 wa Claudia Winkleman, mayi wotchuka pa wailesi yakanema ya BBC, anapsa kwambiri chovala chake cha Halloween chitakhudza kandulo. Kuchokera pamenepo masitolo akuluakulu a ku Britain anakhwimitsa kayesedwe ka zovalazi, komabe palibe nsalu yomwe imagwirizana ndi moto. Chogula chikhale ndi chizindikiro cha CE kapena UKCA. Chopanga wekha chisakhale cha thonje lomatamata, neti kapena matumba akuda otayira zinyalala, ngakhale anzako akuuze kuti iwo anakulira momwemo. Nsalu ya ambulera ija nayonso si bwenzi la moto, choncho mapikowo asalendewere, ndipo mwana umuuze kuti dzungu loyaka pakhomo la eni azilipatuka. M'dzungu lako uikemo kanyali ka batire. Chovala chisakwekwerezeke pansi, masitepe a nyumba za kumeneko sakhululuka.

Kunja nako kumada msanga. Mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndipo pa 31 dzuwa limakhala litalowa isanakwane 5 koloko. Ofufuza ena anasanthula ngozi za pamsewu za ku America za zaka 42, ndipo mu 2018 anapeza kuti usiku wa Halloween oyenda pansi omwe amafa amachuluka ndi 43 peresenti, pomwe kwa ana a zaka 4 mpaka 8 chiopsezo chimawirikiza pafupifupi ka 10. Mleme wako wavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, woyendetsa galimoto amuona bwanji mvula ikuwaza? Mata tepi yonyezimira kumsana, pa nsapato ndi pa kachidebe, ndipo aliyense anyamule tochi. Chigoba cha kumaso chimatchinga maso a m'mbali, ndiye Spider-Man azichikweza pamphumi powoloka msewu. Utoto wa kumaso uyambe wauyesa pamkono dzulo lake, kuopa ziwengo.

Nanga mkulu wa mpingo uja? Chikumbumtima n'chako, ndipo ukasankha kuti ana ako asamagogode m'makomo sindikudzudzula. Mipingo yambiri ku Britain imakonza phwando lake la ana madzulo omwewo, lomwe amati light party, kuli masewera ndi maswiti koma kulibe mizukwa. Apite kumeneko, bola usawakhazikenso mumdima. Mkuluyo akalimbikirabe kuti tsikulo ndi la mdierekezi, umukumbutse kuti pa 31 Okutobala ndi tsiku lomwenso mipingo imakumbukira mfundo 95 za Martin Luther za ku Wittenberg mu 1517. Bulangeti lofiirira, chingwe m'chiuno, nyundo ya katoni ndi pepala, mnyamata wasanduka Luther. Akakana ndi Luther yemwe, undilemberenso.

Mayi woyandikana naweyo usiye kumusuzumira pa foni usiku uli kuntchito. Kagogode, umuyamikire, umupemphe akubwereke kamfuti ka guluu. Anthu oterewa amakhala akudikira wowafunsa, mwina mpaka mapiko a mleme adzakudulira yekha iwe ukumuphikira mandasi.

Ngati pa 31 uli pa shifiti, woperekeza ana ndi bambo awo, avale jekete lonyezimira, ayende kumbuyo. Agogode pokhapokha pamene pali dzungu loyaka kapena zokongoletsa pakhomo, penapo asiye anthu apume. Ana apite atakonzekera kanyimbo kapena nthabwala, ndipo akaimba ya Chichewa palibe amene angadziwe kuti alakwitsa mawu. Maswiti uwawerenge ukangofika m'mawa. Munthu amene ankati usatana ndi amene amayamba kusankhamo chokoleti.

Kwa apongozi utumize chithunzi cha kadzungu kokha. China utumize kuno, pamodzi ndi nsapato zija unandilonjeza, saizi 7.

Ndine,
Azakhali ako