Akufuna ndiwatengere ngongole yoti akometsere galimoto

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndili ndi ana atatu, ndipo ndimakhala kufupi ndi Embangweni kuno ku Mzimba. Mundikhululukire Chichewa chikapendekeka, kwathu kuno timayankhula Chitumbuka.

Amuna anga adakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi. Atabwera chaka chatha adagula Toyota Sienta yakale, ndipo amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Jenda, Embangweni ndi Edingeni, masiku ena mpaka ku boma. Sindinama, galimotoyi ikutidyetsa. Koma tsopano akuti ilibe mphamvu, ikadzaza imakwera chitunda ngati nkhalamba, komanso imakhula pansi mumsewu wafumbi. Makaniko wina wawauza kuti aikweze, asinthe mashoko, aike marimu aakulu onyezimira ndi matayala ake, aikenso ekizozi yolira kwambiri. Akuti kulinso mnyamata wina ku Mzuzu amene amalumikiza kompyuta ku injini n'kuiwonjezera mphamvu. Zonsezi pamodzi akuti ndi K1,800,000.

Ine ndili ndi K900,000 imene ndidasunga nditagulitsa soya ndi tomato. Ndi ya fetereza ndi fizi ya mwana wathu woyamba amene ali Fomu 2. Iwo akuti nditulutse imeneyi, yotsalayo ndikatenge ku banki mkhonde m'dzina langa, poti iwo si membala. Pagulu pathu timakongozana pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Akuti tikachedwa mitengo ikwera, masiku ano wanzeru amagula pa ngongole, ndipo galimoto ikawala anthu azidzaithamangira pa siteji. Nditaonetsa kukayika adati ngati sindifuna agulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene timalimira.

Sindifuna kuoneka mkazi wotsekereza mwamuna wake, makamaka pamaso pa apongozi, poti ndili pamudzi pawo. Kodi chabwino n'chiti, kulipira ndi ndalama za m'manja kapena kutenga ngongole?

Mayi wa ana atatu, Embangweni

Mwananga,

Chichewa chako chili bwino, ndamva zonse, ngakhale zimene sunalembe.

Wandifunsa ngati mulipire ndi ndalama za m'manja kapena ndi ngongole. Ndisanayankhe ndikufuna timasule kaye mtolo wa K1,800,000 umenewu, chifukwa makanikoyo wamanga pamodzi nkhuni zophikira ndi maluwa, n'kutchula mtengo umodzi. Amuna ako adandaula zinthu ziwiri, kuti galimoto ikukhula pansi ndi kuti ilibe mphamvu. Madandaulo onsewa ndi oona ndipo usawapepule. Tiyeni tione kuti pa mndandandawo n'chiti chikuyankha madandaulowa.

Sienta idapangidwira misewu yosalala ya ku Japan, kunyamula banja la anthu asanu ndi awiri popita kusitolo. Pansi pake m'pafupi ndi nthaka. Phula likangotha n'kuyamba mabampu ndi miyala ya njira za ku Edingeni, mimba yake imayamba kupsopsona msewu, ndipo mwala umodzi ukaboola poto wa oyilo injini yonse ikhoza kupita. Choncho mashoko atsopano ndi ofunika. Kuikweza pang'ono, masentimita awiri kapena atatu, n'kwanzeru, koma akaikweza mopyola muyeso zitsulo zimene zimapereka mphamvu ku matayala akutsogolo zimagwira ntchito zitapindika ndipo sizichedwa kutha. Chitsulo chotchinga pansi pa injini chimathandizanso, ndipo owotcherera a pa boma akhoza kuchipanga pamtengo wosalira nawo. Izi ndiye nkhuni. Zimateteza chinthu chimene chikukudyetsani.

Marimu aakulu ndiye ndikukana. Rimu ikakula, tayala lake limakhala lopyapyala m'mbali, ndipo mphira ndi mpweya zimene zimameza mabampu zimachepa. Pa phula la ku Johannesburg zimaoneka bwino. Pa msewu wamiyala rimu yotere imapindika kapena kusweka, tayala limatupa chotupa m'mbali, ndipo tayala la saizi yachilendo sudzalipeza pa Jenda tsiku limene laphulika. Ndiye kuti mulipira ndalama zambiri kuti galimoto ivutike kuposa kale. Ekizozi yolira imawonjezera phokoso, mphamvu imene imawonjezera pa injini yaing'ono ngati imeneyi woyendetsa sangaimve n'komwe. Za kompyuta nazo n'chimodzimodzi. Injini ya Sienta ndi ya malita 1.5 ndipo ilibe turbo. Pa injini za turbo kusintha kompyuta kumatulutsadi mphamvu yooneka, koma pa iyi palibe zambiri zobisika zoti munthu atulutse. Komanso ma Sienta ambiri ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene sikondwa kukakamizidwa, ndipo ikafa mtengo wake mudzagwira pakamwa.

Nanga mphamvu yapita kuti? Funsa amuna ako mofatsa kuti fyuluta ya mpweya adaisintha liti. Fumbi la chilimwe cha ku Mzimba limaitseka msanga, ndipo injini yosapuma bwino siingakoke. Mapulagi, oyilo wa injini, mafuta oyenera a giyabokosi, zinthu zotsika mtengo zimenezi ndi zimene zimabweza mphamvu yotayika. Chinanso ndinene ngakhale sadzakondwa nacho. Galimoto ya anthu asanu ndi awiri ikanyamula khumi ndi awiri, madengu a tomato ndi matumba a anyezi pamwamba, palibe mnyamata wa ku Mzuzu amene angaipatse mapiko.

Tsopano ku ndalama. Amuna ako akunena zoona pa chinthu chimodzi, ndipo uwavomereze poyera kuti adziwe kuti wawamvetsa. Zipangizo za galimoto zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha ikagwa mitengo yake imalumpha. Tidaziona mu May 2022 pamene kwacha idatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, tidazionanso mu November 2023 pamene idatsitsidwa ndi 44. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu idakwera ndi kuposa 30 pa 100 iliyonse. Ndalama yogona pansi pa mphasa imaonda, n'zoona. Koma tawerengera nane. Mitengo kukwera ndi 30 pa 100 ndi nkhani ya chaka chathunthu. Banki mkhonde yanu imatenga 20 pa 100 mwezi uliwonse. Ukatenga K900,000, chiwongoladzanja chokha ndi K180,000 pamwezi. Miyezi itatu ndi K540,000, ndiye kuti ubweza K1,440,000, ndipo apo ndiye kuti sunaphonye mwezi ngakhale umodzi. Kuthawa kukwera kwa mitengo pothamangira ngongole yotere kuli ngati kuthawa mvula n'kudumphira mu Rukuru. Ngakhale ku mabanki akuluakulu ndalama si yotsika mtengo. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi idaika chiwongoladzanja chake pa 26 pa 100 pachaka, ndipo mabanki pokongoza munthu wamba amaonjezerapo pawo. Koma ngakhale imeneyo ndi ya pachaka. Za katapila ndiye tisazitchule m'nyumba muno.

Banki mkhonde si yoipa. Idapangidwira mayi amene atenga K100,000 Lolemba, n'kukapikula tomato, n'kugulitsa pa Jenda sabata isanathe. Ndalama yazungulira, yabereka, yabwerera. Ndiye funso loti ufunse pa chinthu chilichonse cha pa mndandanda uja ndi lakuti, kodi ichi chibweretsa ndalama zingati pamwezi zimene sitikupeza lero? Kuti ngongoleyo ingodzilipira chiwongoladzanja, galimoto iyenera kupeza K6,000 yoonjezera tsiku lililonse, Lamlungu lomwe, mafuta atachotsedwa kale. Mpamba wake sitinaukhudze. Iwe wakwerapo magalimoto a pa siteji kambirimbiri. Udasankhapo galimoto chifukwa cha marimu? Munthu amakwera imene yatsala pang'ono kudzaza, imene dalaivala wake amamudziwa kuti saledzera, imene siifera panjira. Mayi amene akuthamangira ndi mwana wodwala ku chipatala cha mishoni ku Embangweni sasamala kuti ekizozi ikulira bwanji.

Ndipo ngongoleyo ili m'dzina lako. Mwezi ukatha, amayi a gulu sadzapita pa siteji kukafuna amuna ako. Adzabwera pakhomo pako, adzakhala pamkeka pako, ndipo zikavuta adzanyamula mbuzi zako, ziwiya zako, mwina ndi malata. Ndi anthu omwewo amene umapemphera nawo, amene umatunga nawo madzi pa mjigo. Ndalandira makalata ochuluka a amayi amene adatengera amuna awo ngongole ya gulu n'kutsala okha ndi manyazi, ena mpaka kuthawa pamudzi. Ngati malamulo a gulu lanu amaletsa kutengera ngongole munthu amene si membala, monga amachitira magulu ambiri, ndiye kuti uli kale ndi yankho laulemu: malamulo sandilola.

Mwina ukuganiza kuti ndiye ndikuuza kuti mulipire ndi ndalama za m'manja. Ayinso. K900,000 ili m'manja mwako, koma ili ndi eni ake kale, munda ndi mwana wa Fomu 2. Ukaipereka lero, mvula ikadzagwa mu December udzapita ku banki mkhonde komweko kukatenga ya fetereza, nthawi imene aliyense akufuna ndalama ndipo thumba la fetereza lakwera. Mu January sukulu idzafuna yake. Ngongoleyo mwangoikankhira kutsogolo, n'kuisintha dzina. Ng'ombe ndiye ayi ndithu. Ng'ombe zolimira zimayenda ziwiriziwiri, ukagulitsa imodzi wagulitsa goli lonse, pulawo ndi ngolo zomwe. Sindikhulupirira kuti apongozi ako, anthu a ku Mzimba odziwa kuti khola ndi chiyani, angavomere kuti ng'ombe isanduke marimu.

Za amuna ako ndiwamvetsa, ndipo iwenso uwamvetse. Amuna a ku Mzimba adayamba kalekale kupita kummwera, nthawi ya Wenela ndi Theba, ndipo wobwerako ankayenera kuonetsa kuti sadapite pachabe. Agogo ankabwera ndi njinga, suti ndi galamafoni. Lero anzawo akubwera pa Khirisimasi kapena pa Umthetho ku Hora mu August ndi magalimoto a nambala za GP, onyezimira, olira ngati mkango. Munthu amene adabwerera kwawo n'kumayendetsa Sienta yafumbi akhoza kumva ngati watsalira, ngakhale kuti iye ndiye akugona m'nyumba mwake ndi kudya ndi ana ake tsiku lililonse. Sadzanena zimenezi, adzanena za mphamvu ya injini. Choncho usawaseke za marimu, ndipo usayambe ndi mawu oti ayi. Ena mwa magalimoto owala aja chikomekome cha mkuyu, eni ake ali ndi ngongole ku Joni, koma zimenezo usawauze iwe, azizindikira okha.

Uchite chonchi. Sankha madzulo amene apeza bwino, adya, ana agona. Uwauze kuti nawenso ukufuna galimoto ikonzedwe chifukwa ndi munda wanu wachiwiri. Uwapemphe kuti makaniko alembe mtengo wa chinthu chilichonse pachokha, ndipo afunsenso kwa makaniko wina amene sagulitsa marimu. Mudzaona kuti mashoko, kukweza pang'ono, chitsulo cha pansi ndi sevisi ndi gawo lochepa la K1,800,000 ija. Kenaka mugule kope, mulembe kwa mwezi umodzi zimene galimoto yalowetsa ndi zimene yadya: mafuta, oitanira, zigamba za matayala, za pa rodibuloko. Musaiwale kuti inshuwalansi ndi COF zimabwera chaka ndi chaka osagogoda. Ndipo asanasinthe chilichonse chachikulu pa galimoto afunse a inshuwalansi, chifukwa kusintha galimoto osawauza kumawapatsa pothawira tsiku la ngozi.

Kopelo likakuuzani chimene chimatsala, mugwirizane ndalama yoti izipatulidwa tsiku lililonse n'kuikidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala imene nonse mukuidziwa. Galimoto idzigulire yokha zinthu zake, chimodzichimodzi, kuyambira sevisi, kenaka mashoko. Ngati mashoko afikiratu poti sangadikire, ndipo kope likuonetsa kuti galimoto ingabweze m'mwezi umodzi, pamenepo pokha ndingalole ngongole yaing'ono ya mashoko okhawo, makamaka ku SACCO ngati amuna ako ndi membala, ndipo ikhale m'dzina la mwini galimoto. Marimu aikidwe kumapeto kwa mndandanda. Ngati pofika pamenepo adzawafunabe, ndipo ndalama yake yatuluka m'galimoto momwemo, fetereza ali m'nyumba, fizi yalipidwa, alekeni agule, ndi thukuta lawo.

Fetereza ndiye ukagule sabata ino, usadikire kuti nkhaniyi ithe. Ndalama imene yasanduka matumba ili pangodya siivuta kuiteteza ngati imene ili m'chitenje, ndipo pa mfundo ya amuna ako yoti mitengo ikukwera, palibe amene angakutsutse. Fizi ukalipire ya teremu ikubwerayi n'kusunga lisiti.

Akakana zonsezi n'kuumirira za ng'ombe, kapena akayamba kukuopseza, usalimbane nawo wekha. Pita kwa ankhoswe kapena kwa apongozi aamuna, uwagwadire monga mwa mwambo, uwauze kuti nkhani ya khola yakukulira ndipo ukupempha nzeru zawo. Kope lija upite nalo.

Azakhali