Uthenga wochoka ku Leeds umadutsa njira iti?

Wowulutsa: Makalata achuluka. Yoyamba yachokera ku Leeds, kwa bambo amene amayang'anira makompyuta pakampani ina yotumiza katundu. Akuti zinthu zawo amasunga pa Amazon Web Services ku London, koma ali ndi nthambi ku Cape Town. Akufunsa kuti data ikamachoka ku London kupita kumeneko, kodi imayenda pa intaneti yomwe tonsefe timagwiritsa ntchitoyi?

Katswiri: Zikomo bambo. Yankho ndi loti ayi. Amazon, Microsoft ndi Google ali ndi zingwe zawozawo za fibre zolumikiza malo awo osungirako data. Zina anayala okha, zina amachita lendi kwa eni zingwe zapansi pa nyanja. Amazon inatsegula malo ake a London mu 2016, a Cape Town mu 2020, ndipo uthenga wochoka kumodzi kupita kwinako umayenda m'manja mwa kampaniyo mpaka kukafika. Zili ngati msewu wa m'minda ya nzimbe ku Nchalo: mwini wake ndi mmodzi, amadziwa galimoto iliyonse yodutsamo, ndipo pakatsekeka pena amaziwongolera yekha kwina. Pa intaneti wamba uthenga umapatsirana pakati pa makampani ambirimbiri, aliyense nkufuna kuutula msanga kwa mnzake kuti asawononge ndalama.

Koma bambo, kuchokera pa ofesi yanu ku Leeds, uthengawo uyenera kaye kupeza khomo lolowera. Mwina simudziwa kuti khomo lina lili pafupi nanu. M'tchalitchi chakale cha Salem Chapel, momwe munabadwira timu ya Leeds United mu 1919, lero muli makina a kampani ya aql komanso IXLeeds, pomwe makampani a intaneti amakumana nkusinthana mauthenga. Ku Manchester nako kuli malo otere a LINX, kuyambira 2012. Kale zambiri zinkatsikira ku London kaye, ngakhale uthenga wongochoka ku Leeds kupita ku Bradford.

Wowulutsa: Mayi ena a ku Newcastle, omwe ndi namwino, akuti akamaimbira abale ku Mzuzu pa WhatsApp mawu amachedwa. Akuti makampani olemera chonchi akulephera bwanji kukonza zimenezi?

Katswiri: Mayi, apa ndalama sizithandiza. Kuwala m'chingwe kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndipo liwiro la kuwala lili ndi malire ake. Kuchokera ku England kukafika kumwera kwa Africa nkubwerako, pamapita nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Onjezerani kuti Malawi alibe gombe, ndiye zingwe zathu zimadzera ku Mozambique ndi Tanzania, kenako pa nsanja ya foni ya kumudzi, komwe nthawi zambiri ndiko kumayambira vuto. Chingwe cha Equiano cha Google, chochoka ku Portugal mpaka kufupi ndi Cape Town, chinachulukitsa mauthenga odutsa, koma mtunda sichinaufupikitse. 

Wowulutsa: Mnyamata wina wophunzira ku Sheffield akuti, popeza njira ya pakati pa London ndi Cape Town ija ndi ya kampani yokha, ndiye kuti palibe angasuzumire kapena kuidula?

Katswiri: Achimwene, musadzinamize. Mu 2013, zikalata zomwe anaulula Edward Snowden zinasonyeza kuti akazitape a Britain ndi America ankatapa mauthenga pa zingwe zolumikiza malo a Google ndi a Yahoo. Zitadziwika, makampaniwa anayamba kubisa mauthenga ngakhale pa zingwe zawo zomwe, kuti wowatapa asathe kuwawerenga. Inuyo mukadzayamba ntchito, muzibisanso data yanu panokha.

Za kuduka nazo zimachitika. Pa 14 March 2024 zingwe zinayi za kunyanja ya kumadzulo kwa Africa zinaduka, ndipo makasitomala a Microsoft ku South Africa anavutika. Mu May chaka chomwecho zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka chakum'mawa, ku Malawi intaneti nkuyamba kukwawa. Pansi pa nyanja, makampani opikisanawa kawirikawiri amakhala m'chingwe chimodzi, kungogawana timinga ta mkati mwake.

Ndibwerere kwa bambo a ku Leeds: kutumiza data pakati pa London ndi Cape Town kumalipiritsidwa pa gigabyte iliyonse. Zimene antchito a ku Cape Town amatsegula tsiku lililonse muzisunge konko, kuno mungobweretsa zofunikira zokha.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Amene makalata anu sanawerengedwe musataye mtima, tidzayamba ndi anu sabata yamawa.