Ndigule hard drive iti yosungiramo zinthu za banja lonse?

Funso: Mwezi watha laputopu yanga inazima osayakanso, zithunzi za ukwati wathu n'kupita nayo. Tili ndi makompyuta atatu pakhomo, ndipo ndamva kuti pali hard drive yolumikiza ku rauta yomwe tonse tingasungiremo zinthu. Ndigule iti, poti ndalama n'zochepa? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Chimene mwamvacho amachitchula NAS, kabokosi kokhala ndi diski mkati kolumikizidwa ku rauta ndi waya.

Musanagule, yang'anani kumbuyo kwa rauta yanu. Ngati pali polowetsa USB, marauta ena amalola kulumikiza hard drive wamba n'kuigwiritsa ntchito nonse. Imachedwerapo, koma ndiyo njira yotsika mtengo.

Mukafuna NAS yeniyeni, dziwani kuti za Synology ndi QNAP zambiri zimagulitsidwa zopanda diski, choncho funsani mtengo wa zonse pamodzi. Ine ndingasankhe yolowa madiski awiri, pomwe yachiwiri imakopera zonse za yoyamba, kuti imodzi ikafa musalirenso. Kumbukirani kuti madiski awiri a 4TB akupatsani malo a 4TB basi. Gulani opangidwira ntchitoyi, monga WD Red Plus kapena Seagate IronWolf, ndipo akale muwapewe ndithu.

Magetsi akamazimazima diski imawonongeka, ndiye ikani UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi kwa kanthawi akazima. Zithunzi zofunika kwambiri muzikoperenso pa diski ina yokasunga kwa mbale wanu, chifukwa wakuba kapena moto sizisiya NAS.

Laputopu yakufayo musaitaye; katswiri angathe kutulutsamo zithunzi zija. Diski iliyonse ikayamba kulira ngati ikugogoda, izimitseni msanga mupite nayo kwa iye.