Malangizo: Kukumana ndi Mnzanu Wakale ku Bwalo la Mpira

Lero tikambe za inu amene mwapezana pa Facebook kapena WhatsApp ndi mnzanu wa kusukulu, ndipo akuti mukumane ku Kamuzu Stadium tsiku lomwe Bullets ikumenyana ndi Wanderers.

Ndi zokoma ndithu, koma muyambe mwamuimbira foni. Mumve mawu ake, mumufunse za mphunzitsi wanu wakale kapena za mudzi wakwawo. Akuba amatenga zithunzi za anthu n'kutsegulira tsamba labodza. Akakuuzani kuti mumutumizire ndalama ya tikiti musanaonane, musatumize, ngakhale akhale ndi mawu okoma bwanji.

Gwirizanani msanga za geti lokumanirana ndi nthawi yake, chifukwa anthu akadzaza m'bwalo netiweki imavuta, ndipo phokoso la mavuvuzela silikulolani kumvana pa foni. Muuzenso wina kunyumba komwe mwapita.

Mukaonana, musafulumire kumufunsa za banja kapena ntchito. Zaka zapitazi mwina zamuvulaza m'njira zomwe simukuzidziwa. Ngati iye ndi wa Manoma (Wanderers) inu wa Maule (Bullets), nyozanani mwaulemu. Mpira ukatha, musabalalike osamufunsa kuti mudzaonananso liti.