Mtsuko wa agogo ndi mbale za ku Delft: n'chifukwa chiyani china chimanyowa, china ayi?

Kuno ku Nayuchi kukatentha mu Okutobala, madzi a mumtsuko amazizira bwino kuposa a m'chigubu. Mudaugwirapo mtsukowo kunja kwake? Umakhala wonyowa. Dongo lowotchedwa ndi nkhuni limakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amatuluka pang'onopang'ono, ndipo akamauma kunjako amachotsa kutentha m'madzi otsala mkati. Koma tangoganizani mbale yodyera ili ndi timabowo totere: msuzi ndi mafuta zingalowe m'dongomo, osatsukikanso.

Oumba a mumzinda wa Delft, ku Netherlands, analimbana ndi vutoli zaka pafupifupi 400 zapitazo. Kampani ya amalonda achidatchi ya VOC, yomwe idayamba mu 1602, inkabweretsa mbale zoyera za ku China pa zombo zozungulira Africa. Adatchiwa anafika ngakhale kufupi ndi kwathu kuno: mu 1607 ndi 1608 anayesa kulanda Ilha de Moçambique, chakumwera kwa Nacala kumene njanji yathuyi imathera, koma analephera.

Mbale za ku China zinkapangidwa ndi dongo loyera la kaolin, n'kuwotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,300 mpaka timabowo kutsekeka. A ku Delft analibe dongo limeneli. Lawo linali lofiirira kapena lachikasu, lopsa pa madigiri pafupifupi 1,000. Nkhondo zitasokoneza malonda ku China cha m'ma 1640, iwo anapezerapo msika.

Nanga ankatani? Choyamba ankawotcha mbale yopanda kanthu. Kenako ankaiviika m'phala la mchenga, mtovu ndi tin oxide. Pamwamba pake ankajambulapo maluwa, mbalame kapena nyumba ndi cobalt oxide, n'kuwotchanso kachiwiri. Chilichonse chinali ndi ntchito yake. Mchenga umasungunuka n'kukhala galasi lotseka timabowo. Mtovu umathandiza mchengawo kusungunuka pa moto wocheperako. Tin oxide sasungunuka yense: timatsalira take timamwaza kuwala mbali zonse, ndiye galasi limaoneka loyera n'kubisa dongo. Cobalt oxide amaoneka wakuda pojambula, koma akapsa amasanduka buluu. Fakitale ina ya nthawi imeneyo, De Porceleyne Fles ya 1653, ilipobe mpaka lero.

Mbale ya ku Delft ikabenthuka, chinsinsi chimaululika: kuyerako n'kwapamwamba chabe, mkati ndi dongo ngati la phale la kwanu.

Tsopano nali chenjezo. Mtovu ndi poizoni, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Galasi la mtovu likapanda kupsa bwino kapena likang'aluka, zowawasa monga mandimu, bwemba ndi matimati zimatha kukoka mtovuwo kulowa m'chakudya. Choncho mbale yakale kwambiri yamaluwamaluwa, yosadziwika kumene idachokera, ndi bwino ingokhala yokongoletsa m'kabati. Mtsuko wa agogo ulibe galasi limeneli.

Yesani izi: dontheza madzi pa phale, ena pa kapu yadongo yonyezimira, n'kudikira mphindi zisanu. Kenako itembenuzeni kapuyo, muone mkombero wapansi umene sunapakidwe galasi. Lembani zimene mwaona, ndipo muyankhe funso ili: mtsuko utapakidwa galasi mkati ndi kunja, ungaziziritsebe madzi?