UTAWALEZA NDI MAFUNSO A ANA

Werengani Genesis 9:8-17 ndi Mateyu 18:1-5.

Mvula ikakata madzulo, ndi dzuwa likaturukanso m'mitambo, amene ayamba kupfuula m'mudzi ndiwo ana. Athamangira pabwalo, nalozerana kum'mawa kumene utawaleza waonekera. Wina ati ndi ulalo wokwerera kumwamba, wina ati ndi nsaru imene angelo ayanika, ndipo winanso athamanga kuti akagwire pamene watsikira. Koma ife akulu tingokweza maso kamphindi, ndi kubwerera ku khasu. Mwana akatifunsa kuti, "Atate, ucokera kuti?" kawirikawiri timyankha kuti, "Khala cete, usandisokose." Abale, yankho lotere litseka khomo limene Mulungu watsegula. Tiyeni titenge mafunso atatu a ana, tiwayankhe bwino.

Ucokera kuti?

Kuwala kwa dzuwa kuoneka koyera, koma m'kati mwace muli mitundu yambiri. Kukalowa m'dontho la mvula kupindika, kugunda mbali ya kumbuyo ya dontholo, ndi kubwerera kwa ife kutagawanika. Mtundu wofiira ukhala pamwamba pa uta, ndi wonga maluwa a jakaranda ukhala pansi pace. Zaka zoyamba za m'ma 1300 wansembe wina wa ku Germany, dzina lace Theodoric wa ku Freiberg, anadzaza madzi m'galasi lobulungira kuti likhale ngati dontho lalikuru, nalondola njira ya kuwala m'menemo. M'caka ca 1666 Isaac Newton wa ku England anapititsa kuwala kwa dzuwa pa galasi la mbali zitatu, ndipo pambuyo pace anawerenga mitundu 7. Anthu awa anali akulu ophunzira, koma funso lao linali lomweli la mwana wanu.

Utawaleza uoneka dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu, ndi mvula patsogolo pace. Cifukwa cace m'mawa uoneka kumadzulo, ndi madzulo uoneka kum'mawa. Dzuwa likakwera kupitirira madigiri 42, ndiko pafupifupi theka la ulendo wace wofika pamutu, munthu woima pacidikha sauona. Yesani ndi ana anu: m'mawa fulatirani dzuwa, mutenge madzi m'kamwa ndi kuwafwaphula m'mwamba, ndipo mudzaona kautawaleza kakang'ono. Ndi amene anafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, kufupi ndi mzinda wa Livingstone, acita umboni kuti madzi akacuruka uoneka m'nkhungu ya mathithiwo ngakhale usiku, mwezi ukakhala wathunthu.

Bwanji sindingathe kuugwira?

Utawaleza ulibe malo ace pamene ukhala, monga mtengo kapena culu. Mwana akayenda, uyenda naye, pakuti madontho ena atenga nchito ya oyamba aja. Ndiponso anthu awiri oima pamodzi saona uta umodzi womwewo, popeza kuwala kofika m'maso mwa yense kucokera ku madontho osiyana. Motero mudzi wonse ungathe kuuona nthawi imodzi, mfumu ndi mwana wamasiye yemwe, koma palibe angauike m'nkhokwe yace, kapena kuugulitsa pamsika. Cifundo ca Mulungu ciri comweco: cifikira munthu yense pamene waima, ndipo cilandiridwa kwaulere.

Anauika ndani?

Dzina limene makolo anatisiyira liyankha kale: uta wa Leza, ndipo Leza ndilo dzina la Mulungu pakati pa Abemba, Atonga ndi mitundu yina ya m'dziko lathu. M'Cihebri namonso mau ochula utawaleza ndiwo omwewo ochula uta wa nkhondo. Cigumula citatha, Mulungu anacita pangano ndi Nowa, ndi ana ace, ndi zamoyo zonse, kuti madzi sadzaononganso dziko lonse. Ndipo uta wa m'mtambo unakhala cizindikiro cace. Penyetsani utawo: ulibe mubvi. Uli ngati wa munthu amene wabwera kunkhondo, naupacika pakhoma.

Alipo ena amene auopa, nati uletsa mvula. Koma taona kale kuti uoneka pokha pamene mitambo yang'ambika ndi kupatsa dzuwa mpata. Ndico cifukwa cace kawirikawiri ubwera mvula iri kutha. Ulibe mphamvu ya kuiletsa. Tisaphunzitse ana kuopa cinthu cimene cinaikidwa kuti ciwatonthoze.

Kodi tsono pangano ili litanthauza kuti mabvuto atha? Iai. M'caka ca 2024 cilala cinapsereza cimanga m'madera ambiri a Zambia, ndipo zaka zina mitsinje isefukira ndi kukokolola minda. Mulungu sanalonjeze kuti tidzakolola mofanana caka ndi caka. Analonjeza kuti sadzataya dziko limene analenga, ndi kuti nyengo ya kubzala ndi ya kukolola sizidzalekeka. Mlimi wogwira mau awa abzalanso ngakhale nkhokwe yace iri yopanda kanthu.

Cimene akulu ayenera kuphunzira

Ophunzira atafunsa Ambuye Yesu za wamkuru mu Ufumu wa Kumwamba, Iye anaitana kamwana, nakaimika pakati pao. Mwana sacita manyazi kuzizwa, ndipo sanamizira kudziwa cimene sacidziwa. Ife akulu tazolowera nchito za Mulungu kufikira kuti sitizionanso, ndipo mtima umene waleka kuzizwa sucedwa kuleka kuyamika. Mwana amene funso lace likanizidwa kunyumba aphunzira kukhala cete, ndipo tsiku lina adzakhalanso cete pa zinthu za moyo wace wauzimu.

Cotero m'dzinja lino, ana akakuitanani kuti mudzaone utawaleza, tulani khasu pang'ono. Yambani mwawafunsa cimene iwo aganiza, ndipo musawaseke. Pamenepo muwauze za dontho ndi dzuwa, ndi za Nowa ndi pangano. Aphunzitsi a Sande Sukulu acite comweco.

Pemphero: Atate wathu wa Kumwamba, amene musunga pangano lanu ku mibadwo yonse, tsegulani maso athu kuti tione nchito zanu monga ana aziona, ndipo mutipatse kuleza mtima pakuwayankha, mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.