PHUNZIRO 7: KUYAMBA MALAMULO A CINGEREZI NDI ANA OLANKHULA CINYANJA

Mau Oyamba

Mwana amene mudzamlandira m'kalasi mwanu sabwera wopanda kanthu m'mutu. Pofika zaka 7 amakhala atadziwa kale malamulo a Cinyanja, ngakhale sangathe kuwachula maina. Sanena kuti "mitengo wagwa". Amanena kuti "mitengo yagwa" popanda womuuza. Akayamba Cingerezi, amatenga malamulo omwewo nawaveka mau acilendo. Zolakwa zake zambiri zimacokera pamenepa.

Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Cikalata ca Educating Our Future ca 1996 cinati mwana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'cinenero ca kwao. Ndondomeko zimasintha, koma inu mudzaimabe pakati pa zinenero ziwiri. Katswiri wa zinenero S. Pit Corder analemba mu 1967 kuti zolakwa za wophunzira zimaonetsa lamulo limene iye akutsata. Motero musanaloze mwana cala, funsani: kodi watsata lamulo liti? Tiyeni tione malo anai amene ana amapunthwa kawirikawiri.

1. Mlowam'malo: he ndi she

Cinyanja sicisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo. "Iye wabwera" angakhale mnyamata kapena mtsikana. Cingerezi cimafuna kuti wolankhula asankhe. Conco mwana amalemba kuti, "My sister is sick. He is at home." Imikani mnyamata ndi mtsikana kutsogolo. Wina alumphe, wina akhale pansi, ndipo anzao anene: "He is jumping. She is sitting." Sinthanitsani anawo kangapo kufikira kalasi isankhe liu loyenera mosazengereza.

2. Ulemu

Ife timati "Atate abwera", kuchula munthu mmodzi ngati ambiri cifukwa ca ulemu. Mwana woleredwa bwino adzati, "My father, they have come." Kwa iye, kuchula atate ake kuti he ndi mwano. Musamseke, ndipo musalole anzake kumseka, pakuti cimene camlakwitsa ndi khalidwe labwino. Mfotokozereni m'Cinyanja kuti Cingerezi cimaonetsa ulemu ndi mau ena, monga please, Sir ndi Madam, ndi kuti he sacepetsa munthu wamkulu.

3. Cimodzi ndi zambiri

M'Cinyanja kuculuka kumaoneka kumayambiriro kwa dzina: mwana, ana; mtengo, mitengo; buku, mabuku. M'Cingerezi kumaoneka kumapeto: book, books. Khutu la mwana linazolowera kumvetsera kumayambiriro, ndiye saimva s wa kumapetoyo, nanena kuti "two book". Dziwaninso kuti s ameneyu amamveka mwa njira zitatu: s mu books, z mu bags, ndi iz mu boxes. Phunzitsani gulu limodzi pa nthawi imodzi, pogwiritsa nchito zinthu zimene ana angagwire: mabuku, matumba, makapu. Maina osatsata lamulo, monga men, feet ndi children, adikire mpaka lamulo lalikulu litakhazikika. Mwana akanena kuti "foots", kondwani pang'ono: lamulo waligwira, catsala ndi kudziwa malire ake.

4. Funso lokana

Ici ndico cimakwapulitsa ana osalakwa. Mukafunsa kuti, "Kodi sunabweretse buku?" mwana amene sanabweretse amayankha kuti "Inde", kubvomereza mau anu. M'Cingerezi yankho limatsata cimene cacitika: "Didn't you bring your book?" liyankhidwa kuti "No, I didn't." Mwana wathu adzati "Yes", mphunzitsi nafuna kuliona bukulo, ndipo posalipeza amucha wabodza. Pewani mafunso otere m'miyezi yoyamba. Mukadzawayamba, musalandire yes kapena no yekha, mwana amalize yankho: "Yes, I did" kapena "No, I didn't."

Kaphunzitsidwe Kake

Tsatani dongosolo ili: kumva, kulankhula, kuwerenga, kenaka kulemba. Mwana asalembe ciganizo cimene sananenepo ndi pakamwa pake.

Musayambe ndi matanthauzo oloweza pamtima. Mwana angathe kuimba tanthauzo la dzina ndi la mneni bwinobwino, koma nalephera kupempha madzi akumwa m'Cingerezi. Maina a mitundu ya mau abwere pambuyo, ana atazolowera ziganizo zenizeni.

Phunziro limodzi likhale ndi mfundo imodzi. Ngati lero ndi tsiku la he ndi she, zolakwa zina zilembeni m'kope lanu, mudzazibwerere tsiku lina. Pokonza, bwerezani ciganizoco moyenera, mwana acinenenso, nchito ipitirire. Mwana wocititsidwa manyazi amatseka pakamwa, ndipo cinenero siciphunzirika ndi pakamwa potseka.

Pomaliza, musaope kufotokoza m'Cinyanja pamene pabvuta. Mphindi imodzi ya kufotokoza komveka iposa mphindi 30 za kubwereza mau amene ana sakuwamvetsa. Fotokozani mwacidule, ndipo bwererani ku Cingerezi msanga.

Zocita

1. Mwana walemba kuti, "I have dog big." Masulirani ciganizoci m'Cinyanja liu ndi liu. Kodi mwanayu watsata lamulo liti la Cinyanja? Nanga ndi liu liti la Cingerezi limene lasowa?

2. Gawani liu lakuti "ndinamuona" m'zigawo zake. Kodi Cingerezi cimafuna mau angati kuti cinene zomwezi? Kodi mlowam'malo wa woonedwayo ali pati m'cinenero ciliconse?

3. Konzani phunziro la mphindi 30 la he ndi she, lopanda buku, logwiritsa nchito ana eni ake.

4. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, lembani zolakwa 20 zimene mudzamva. Zigaweni pawiri: zocokera ku Cinyanja, ndi zocokera m'Cingerezi momwemo. Mubwere nazo kuti tidzakambirane.